Rimoti yakale ya DVD ingayendetse Kodi?

Funso: Ndinaika LibreELEC (Linux yopangidwira Kodi, pulogalamu yoonetsa mafilimu) pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4 n'kukalumikiza ku TV kuti tizionerapo mafilimu pa Kodi. Rimoti ya TV imayendetsa Kodi, koma mabatani owerengeka okha, ena ndikadina kuli zii. Ndili ndi rimoti yakale ya DVD, makina ake anafa kalekale koma iyo ikadali bwinobwino. Kodi ingagwire ntchito pa Kodi? Ndikufunanso kumvetsa mmene rimoti imagwirira ntchito, ndizidziwa chimene ndikusinthacho. Patebulo pali rimoti ya TV, ya sipika ndi kakiyibodi, ndipo apabanja panga atopa nazo.

Yankho:

Achimwene, funso lanu lili ndi "kodi" awiri, wina wofunsira wina wa pulogalamu. Anthu amene anasintha dzina la XBMC kukhala Kodi mu 2014 akanafunsa kaye ife, tikanawachenjeza. Koma yankho ndi loti inde, rimoti ya DVD ija ikhoza kugwira ntchito, ndipo simufunika kuitsegula kapena kusintha kalikonse m'kati mwake.

Rimoti ndi chinthu chopanda nzeru. Siidziwa kuti kukweza mawu n'kutani, siidziwa ngati TV yayaka kapena yazima, ndipo siimva yankho lililonse. Mukadina batani, iyo imangokuwa nambala imodzi basi. Wopereka tanthauzo ku nambalayo ndi makina amene ailandira. Choncho ntchito yanu yonse ili ku Raspberry Pi, osati m'rimoti.

Yambani ndi kuyesa ngati ili moyo. Ikani mabatire atsopano, muiloze pa kamera ya foni n'kudina batani lililonse. Pagalasi la foni mudzaona kababu ka kutsogolo kwake kakuphethira, kuwala kwake koyera mopita ku pepo. Ngati simukuona kanthu, yesani kamera ya kumaso, chifukwa mafoni ena ali ndi sefa pa kamera ya kumbuyo yotsekereza kuwala kumeneku. Kuwalaku ndi infrared, kosaoneka ndi maso: mafunde ake ndi otalika pafupifupi ma nanometer 940, pamene diso la munthu limalekezera cha m'ma 700. Dinani mabatani onse limodzilimodzi muli pomwepo. Batani limene silikuphethiritsa kababu, nthawi zambiri ndi litsiro kapena mafuta a m'manja omwe alowa pansi pa labala. Mukatsegula n'kupukuta timadontho takuda ta pansi pa mabatani ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti, ambiri amadzuka.

Dzuwa nalo limatulutsa infrared wochuluka, mababu ena chimodzimodzi. Nanga TV imasiyanitsa bwanji rimoti ndi dzuwa? Vutoli ndi lakale. Mu 1955 kampani ya Zenith ku America inatulutsa Flash-Matic, yomwe anaipanga Eugene Polley. Inali ngati tochi yowalitsira pa timaso 4 ta m'makona a TV, ndipo dzuwa likalowa pawindo linkatha kusintha tchanelo lokha. Mu 1956 Robert Adler anabweretsa Space Command, yomwe inali ndi timitengo ta aluminiyamu. Ukadina batani, kanyundo kankamenya kamtengo n'kutulutsa kulira kwapamwamba komwe khutu la munthu silimva. Inalibe batire n'komwe. Infrared atadzatenga malo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anabwera ndi njira yothawira dzuwa: kababu sikangoyaka mosalekeza, kamayaka n'kuzima maulendo pafupifupi 38,000 pa sekondi imodzi. Ndiyo 38 kHz imene mumaiona pa mapepala a zipangizozi. Kadiso kolandira kanapangidwa kuti kazitchera kugunda kumeneko kokha, monga mmene mumazindikirira likhweru la mnzanu pakati pa phokoso la chikhamu cha anthu. Kuwala kosagunda kamangokunyalanyaza.

Pamwamba pa kugunda kumeneko ndi pamene nambala imakwera, ndipo apa makampani anasiyana zilankhulo. Chofala kwambiri m'marimoti a DVD ndi NEC, choncho ndichedwepo pang'ono. Uthenga umayamba ndi kuwala kwa mamilisekondi 9, kenako mdima wa mamilisekondi 4.5, ngati kugogoda pachitseko. Kenako pamabwera ma bit 32, kutanthauza mndandanda wa ma 0 ndi ma 1 okwana 32. Bit iliyonse ndi kakuwala kakafupi ka pafupifupi theka la milisekondi, ndipo chosiyanitsa 0 ndi 1 ndi mdima wotsatira: ukafanana kutalika ndi kakuwalako ndi 0, ukatalika katatu ndi 1. Ma bit 8 oyamba ndi adiresi, kunena kuti uthengawu ndi wa makina ati. Otsatirawo ndi adiresi yomweyo yotembenuzidwa, ma 0 onse asanduka 1 ndipo ma 1 asanduka 0. Kenako lamulo lenilenilo, ma bit 8, nalonso n'kubwerezedwa motembenuza. Wolandira amayerekeza ziwirizo, ndipo zikapanda kugwirizana amataya uthenga wonse m'malo mochita zolakwika. Zonsezi zimatha m'mamilisekondi osakwana 70. Mukagwirabe batani osalisiya, rimoti siibwereza nambala yonse, imangotumiza kachizindikiro kakafupi kotanthauza "chomwecho, chomwecho" pa mamilisekondi pafupifupi 110 aliwonse.

Adiresi ija ndiyo imapangitsa rimoti yanu ya DVD kukhala chuma. TV siimva adiresi ya DVD, sipika nayonso siimva. Ndiye kuti muli ndi mabatani ambirimbiri omwe palibe makina ena m'chipindamo angawayankhe. Komabe ilozeni pa TV ndi pa sipika n'kudina onse, chifukwa makina ena otsika mtengo amabwerekana ma adiresi, ndipo mungapeze kuti batani lina la DVD likuzimitsa sipika.

Philips inapanga chilankhulo chake, RC-5, cha 36 kHz ndi ma bit 14. Sony ili ndi chake cha 40 kHz, cha ma bit 12, 15 kapena 20. RC-5 ili ndi kakhalidwe kena komwe kagwiritsa anthu ambiri njakata: bit imodzi imasintha nthawi iliyonse mukadina mwatsopano, kuti makina adziwe ngati mwadina 1 kawiri kapena mwangoligwira nthawi yaitali. Rimoti yophunzira nambala kwa inzake imajambula mbali imodzi yokha ya bit imeneyo. Zotsatira zake, batani limagwira koyamba, mukalidinanso limakana mpaka mutadina lina. Mng'ono wake wa RC-5, RC-6, ndi amene ali m'marimoti a Windows Media Center, omwe LibreELEC imawadziwa kale popanda kuiphunzitsa.

Tsopano ku rimoti yanu ya TV, ija ya mabatani ena ogwira ena osagwira. Iyo siilankhula ndi Raspberry Pi ayi, ndipo Pi 4 ilibe n'kadiso ka infrared komwe. Chimene chikuchitika n'chakuti TV imalandira nambala, kenako n'kuipatsira ku Pi kudzera pa waya umodzi wa m'chingwe cha HDMI, wa pini 13. Njirayi dzina lake ndi CEC, ngakhale kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake: Samsung imati Anynet+, LG imati SimpLink, Sony imati Bravia Sync, Panasonic imati Viera Link, Philips imati EasyLink. TV ili ngati mlonda wa pageti, imasankha yokha mabatani oti adutse. Mivi, OK, kubwerera m'mbuyo, kusewera ndi kuimitsa, amenewa nthawi zambiri amadutsa. Menu, Info ndi ena otero TV zambiri zimadzisungira. Batani limene TV yakana kulidutsitsa silifika n'komwe ku Kodi, ndiye palibe fayilo imene mungalembe kuti ligwire. Anthu amataya masabata akusintha ma fayilo a Kodi pofuna batani lomwe linafera pageti.

Ndisanachoke pa CEC: ikadzangosiya kugwira, musathamangire kuikanso pulogalamu. Onani ngati chingwe chili pa HDMI0, doko loyandikana ndi polowera magetsi. Kenako zulani TV kumagetsi kwa kamphindi, osati kungoizimitsa ndi rimoti. Ine ndinatayapo madzulo athunthu ndikusanthula ma fayilo, chithunzi chikuoneka bwino, mawu akumveka bwino, rimoti yokha duu. Mapeto ake linali vuto la chingwe chotsika mtengo chomwe waya wa pini 13 sunali kufika mbali inayo. Nditasintha chingwe zonse zinayenda.

Kuti rimoti ya DVD imveke, Pi ikufunika kadiso kakekake. Njira zilipo ziwiri zimene ndingakulangizeni.

Yoyamba ndi ya anthu osaopa mawaya. Mumapeza kadiso ka TSOP38238 ka kampani ya Vishay, kanthu kakang'ono ngati nsonga ya chala, ka miyendo itatu. Mukakayang'ana kumaso, mbali yotukuka ija, mwendo wakumanzere ndi wotulutsa uthenga, wapakati ndi GND (wa negetivu), wakumanja ndi wa magetsi. Timaso tina tofanana nako timasanja miyendo mosiyana, choncho onani pepala la kamene mwagulako musanalumikize. Pi ikhale yozima. Mwendo wa magetsi upite pa pini 1, ya 3.3 V, osati pa 5 V, chifukwa mapini a GPIO, olumikizirapo zipangizo pa Pi, sapirira 5 V. GND ipite pa pini 6, wa uthenga pa pini 12, yomwe ndi GPIO 18. Mukayatsa, lowani mu Pi kudzera pa SSH, njira yoilembera malamulo muli pa kompyuta ina, masulani malo osungira config.txt, fayilo yomwe Pi imawerenga poyaka, polemba mount -o remount,rw /flash, ndipo m'fayiloyo onjezani mzere uwu: dtoverlay=gpio-ir,gpio_pin=18. Yatsaninso Pi.

Gawo lotsatira ndi limene ine ndimalikonda, chifukwa mumaona ndi maso zonse ndafotokoza pamwambapa. Imitsani kaye mapulogalamu omwe amalanda mabatani, polemba systemctl stop kodi ndi systemctl stop eventlircd, kenako lembani ir-keytable -p all -t. Dinani batani pa rimoti ya DVD. Pagalasi padzatuluka dzina la chilankhulo, mwina nec, ndi nambala yooneka ngati 0x4016. Dinani lina, nambala ina. Mudzaona kuti chiyambi cha nambala sichisintha, imeneyo ndiyo adiresi, pamene mapeto ake akusintha pa batani lililonse. Tengani pepala ndi cholembera, lembani batani ndi nambala yake mpaka onse athe. Kenako mumapanga fayilo mu /storage/.config/rc_keymaps/ yogwirizanitsa nambala iliyonse ndi dzina lomwe Linux imalidziwa, monga KEY_UP, KEY_DOWN, KEY_OK, KEY_BACK, KEY_PLAY, KEY_RED, n'kutchula fayiloyo mu /storage/.config/rc_maps.cfg kuti izitsegulidwa Pi ikamayaka. M'fayilomo tchulani chilankhulo chimodzi chokha, cha rimoti yanuyo. Kusiya zilankhulo zonse zili chitsegukire kumachititsa kuti Pi izitola zinyalala za marimoti ena.

Mukamawerenga malangizo akale mudzakumana ndi LIRC, pulogalamu yakale yowerengera marimoti pa Linux, ndi pulogalamu yake ya irrecord. Zinatithandiza zaka zambiri, koma masiku ano Linux imamasulira yokha NEC, RC-5, RC-6, Sony ndi zina. LIRC muisiyire rimoti yachilendo yomwe ir-keytable yalephera kuizindikira.

Njira yachiwiri ndi Flirc, kachipangizo ka USB kokhala ndi kadiso m'kati. Mumakalowetsa kaye pa kompyuta, pulogalamu yake imakuuzani kuti dinani batani loti likhale "mmwamba", mumadina, kamasunga m'kati mwake. Mukakasamutsira pa Pi, Pi imangoona ngati mwalumikiza kiyibodi. Palibe waya, palibe config.txt. Ngati simunagwirepo SSH ndipo simukufuna kuyamba lero, tengani iyi. Ine ndimakonda njira yoyamba chifukwa imamva chilankhulo chenicheni cha rimoti, ndipo ikalakwa ndimadziwa poyang'ana. Koma anzanga amene ndikudziwa kuti adzandiimbira usiku zikavuta, ndimawaikira Flirc.

Pofika apa Linux ikudziwa kuti mwadina batani lofiira. Chotsala n'chakuti Kodi ichite chiyani ikamva "lofiira". Ili ndi gawo lina losiyana ndi loyamba lija, ndipo kusakaniza awiriwa ndi kumene kumasokoneza anthu. Gawo loyamba limasandutsa nambala kukhala dzina la batani, lachiwiri limasandutsa dzinalo kukhala ntchito. Ngati ir-keytable sikuonetsa kanthu, vuto lili pa mawaya kapena pa config.txt. Ngati ikuonetsa nambala popanda dzina, vuto lili mu rc_keymaps. Ngati dzina likuoneka koma Kodi ikuchita zina, m'pamene mumapita ku ma fayilo a Kodi.

Ma fayilo amenewo amakhala mu /storage/.kodi/userdata/keymaps/. Njira yosavuta ndi kuika Keymap Editor kuchokera m'nkhokwe ya Kodi yomwe. Mumasankha ntchito, mumadina batani, iyo imalemba fayilo yotchedwa gen.xml. Mukhozanso kulemba nokha, ndi timizere tochepa:

<keymap>
<FullscreenVideo>
<remote>
<red>NextSubtitle</red>
<green>AudioNextLanguage</green>
</remote>
</FullscreenVideo>
</keymap>

Apa ndanena kuti filimu ikamaonetsedwa pagalasi lonse, batani lofiira lizisintha mawu olembedwa m'munsi, lobiriwira lizisintha chilankhulo cha mawu omveka. Mukatuluka m'filimu, mabataniwo amabwerera ku ntchito zawo zakale. Ukoma wake ndi umenewo: batani limodzi likhoza kukhala ndi ntchito ina pa mndandanda wa mafilimu, ina pa nyimbo, ina pa zithunzi. Zimene mukufuna kuti zigwire paliponse mumazilemba pansi pa global. Ngati mwatsata njira ya Flirc, mabatani anu alembedwe pansi pa keyboard osati remote, ndipo kumeneko kuli mwayi wina, wa mod="longpress", wopatsa batani ntchito yachiwiri mukaligwira nthawi yaitali. Musakhudze ma fayilo oyambirira omwe anabwera ndi Kodi. Yanu imakhala pamwamba pa iwo, ndipo mukasokoneza mumangoifufuta zonse n'kubwerera mwakale.

Mabatani amene simuyenera kusowa ndi ContextMenu, lomwe limatsegula kamndandanda ka zochita pa filimu yomwe mwalozayo, ndi Info. Awiriwa ndi omwe TV zambiri zimakana kudutsitsa, ndipo ndikukhulupirira ndi omwe amakutumizani ku kakiyibodi kaja. Rimoti ya DVD ili ndi mabatani ngati Title, Angle, Zoom ndi Setup omwe alibe ntchito tsopano, apatseni amenewo.

Chenjezo pa batani lozimitsira. Musalilole kuti lizizimitsa Pi. Pi 4 ikazima, kadiso kaja sikangaidzutsenso, mpaka wina adzuke kukazula chingwe cha magetsi n'kubwezeretsa. Isiyeni iziyaka, imadya magetsi ochepa kwambiri. Batanilo lipatseni CECToggleState, kuti Pi iziuza TV kudzera pa HDMI kuti izime kapena iyake. Apa CEC ija ikuyenda chobwerera, kuchoka ku Pi kupita ku TV, ndipo ndi mmene rimoti ya DVD imatha kuyatsa TV yomwe siimva chilankhulo chake. Onaninso mu Settings, System, Input, Peripherals, CEC Adapter kuti TV ikazima Kodi isadzizimitse nayo.

Za sipika ndiye zili ndi mbali ziwiri. Ngati inalumikizidwa pa doko la HDMI lolembedwa ARC ndipo imamva CEC, Kodi nthawi zambiri imaipeza n'kumaipatsira malamulo a voliyumu, ndipo rimoti ya sipika ikhoza kupita m'kabati. Ngati inalumikizidwa ndi chingwe cha optical, mmenemo mulibe CEC. Kodi idzangotsitsa mawu ake a m'kati, ndipo mukatsegula passthrough, yomwe imatumiza mawu a Dolby kapena DTS osawakhudza, ngakhale zimenezo sizitheka. Zikatero, onani ngati sipika yanu ili m'gulu la zomwe zimatha kuphunzira batani la voliyumu la rimoti ina, buku lake linena. Apo ayi pafunika rimoti yophunzira nambala, yoti mabatani a voliyumu azilankhula chilankhulo cha sipika, enawo cha DVD. Kale tikanangoti gulani Harmony, koma Logitech inasiya kuzipanga mu 2021.

Vuto lina lomwe mungakumane nalo ndi kudumpha kawiri mukadina kamodzi. Likachitika ndi rimoti ya TV, kawirikawiri ndi chifukwa choti mwaphunzitsanso Pi nambala za rimotiyo, ndiye lamulo likufika kawiri, lina pa kadiso lina pa HDMI. Rimoti iliyonse ikhale ndi msewu umodzi. Likachitika ndi ya DVD, ndiye kuti "chomwecho, chomwecho" uja akuyamba msanga, ndipo ir-keytable ili ndi -D wochedwetsa kuyamba kwa kubwereza ndi -P wotalikitsa mpata wake. Rimoti ikamagwira usiku koma masana ikuvuta, kapena ikamavuta mukangoyatsa getsi lina lake, kadiso kakuthobwa. Kachotseni pomwe dzuwa kapena babulo likuwalira mwachindunji.

Marimoti a Bluetooth ndi aja a kachipangizo ka USB ka 2.4 GHz sasowa kuloza, amagwira ngakhale Pi ili kuseri kwa TV, ndipo Pi imawaona ngati kiyibodi. Foni nayo ikhoza kukhala rimoti kudzera pa Kore kapena Yatse, mukatsegula kuyendetsa kudzera pa HTTP mu Kodi, pa port 8080. Pofufuza dzina la filimu foni ndi yabwino zedi. Koma poimitsa filimu mwamsanga wina akagogoda, kutsegula foni, kufufuza pulogalamu, kudikira Wi-Fi, ayi ndithu. Chala chimadziwa chokha pamene batani la labala lili, ngakhale mumdima.

Popeza mwanena za apabanja panu, ndikuuzeni cholakwa chomwe ndinachita ine. Nditadziwa kuti batani lililonse lingasinthidwe, ndinapatsa ntchito onse, mpaka ena ntchito ziwiriziwiri. Patapita mwezi, ine ndemwe sindinkakumbuka kuti Angle amachita chiyani, ndipo ana ankangodina mwachisawawa mpaka chithunzi kupendekeka. Panopa batani lolembedwa Play limasewera, la Stop limaimitsa, la Subtitle limasintha mawu olembedwa. Achilendo ndinasiya 3 okha, ndipo ndinawalemba pa kapepala komatidwa kuseri kwa rimoti. Otsalawo ndinawapatsa noop, kutanthauza kuti asachite kalikonse.

Mukamaliza, koperani ma fayilo a rc_keymaps, rc_maps.cfg ndi keymaps pa kompyuta ina, chifukwa makadi a SD amafa osatsanzika. Kakiyibodi kaja kachotseni patebulo koma musakapereke kwa munthu. Tsiku limene mudzalakwitse chilembo chimodzi m'ma fayilo a keymaps aja, kapena posintha pasiwedi ya Wi-Fi, mudzakafuna. Kachotseni mabatire musanakasunge, angatayikire m'kati.